Foni, ampulifaya ndi mahedifoni: kumene mawu amaonongekera

Ampulifaya ya mahedifoni imangokweza zimene yalandira kuchokera ku foni kapena ku kapuleya ka nyimbo. Ikalandira mawu osasa, idzakupatsani mawu osasa omwewo koma okwera. N'chifukwa chake musanataye ndalama, muyambe mwafufuza kumene vuto likuchokera.

Yambani ndi nyimboyo. Mukakabenetsa memole khadi pa Lizulu kapena pa Dedza boma, nthawi zambiri mumapatsidwa MP3 yofinyidwa kwambiri kuti nyimbo zikwane zochuluka. Onani kukula kwa fayilo. Nyimbo ya mphindi 4 ikakhala pafupifupi 4 MB, imeneyo ndi ya 128 kbps (kbps ndi muyezo wa kuchuluka kwa deta pa sekondi iliyonse ya nyimbo). Ya 320 kbps imafika cha mu 10 MB, pamene FLAC, mtundu wa fayilo umene sutaya kanthu pofinya, imatha kudya 25 mpaka 30 MB. Pa 128 kbps, tcherani khutu kwa maseche ndi mawu a "s" a woimba: amamveka ngati akuchokera pansi pa madzi. Wina akakuuzani kuti asintha fayilo ya 128 kukhala 320, musavomere. Zimene zinachotsedwa pofinya sizibwerera, fayilo imangofufuma.

Chachiwiri n'chotsika mtengo kuposa zonse, komanso ndi chimene anthu amachinyalanyaza kwambiri: timphira ta kunsonga kwa mahedifoni olowa m'khutu. Kamphira kakapanda kutseka khutu, mpweya umadutsa m'mbali ndipo besi yonse imathawira pomwepo. Yesani tating'ono, tapakati ndi tatikulu, khutu lililonse palokha, poti makutu a munthu mmodzi salingana nthawi zonse. Mudzadziwa kuti katseka mukamva phokoso la panja litachepa nyimbo isanayambe.

Kenako kabowo ka 3.5 mm, kolowetsamo pulagi ya mahedifoni pa foni. Fumbi la m'chilimwe ndi ulusi wa m'thumba zimaunjikana pansi pake mpaka pulagi imalephera kufika kumapeto, ndipo chinyontho cha chifunga cha mu June ndi July kuno ku Dedza chimadetsa tizitsulo ta mkati. Zizindikiro zake ndi kuthetheka mukapotokola pulagi, khutu limodzi kuzima, kapena mawu a woimba kusowa n'kutsala zing'wenyeng'wenye zokha. Zimitsani foni, tengani kamtengo kotokosera m'mano mukokere zinyalalazo kunja pang'onopang'ono. Singano ayi. Pulagiyo ipukuteni ndi kansalu konyowetsa sipiriti, idikireni iume. Waya wolumikiza foni ndi ampulifaya ukhale wa mizere iwiri yakuda pa pulagi. Wa mizere itatu ndi wa mahedifoni okhala ndi maikolofoni, ndipo m'maampulifaya ena sugwira bwino.

Tsopano funso lenileni: kodi mahedifoni anuwo akufunadi ampulifaya? Onani pa katoni nambala ya ohm, yosonyeza mmene mahedifoniwo amakanira kudutsa kwa magetsi. A 16 kapena 32 ohm nthawi zambiri foni imawayendetsa yokha. Akuluakulu a ku studio a 250 kapena 300 ohm ndiwo amamveka otsika ndi ofooka pa foni, ndipo apa ndi pamene ampulifaya imagwira ntchito yooneka. Pogula ampulifaya, funaninso nambala yotchedwa output impedance, imene ndi ma ohm a potulukira mawu pa ampulifayayo. Isapitirire gawo limodzi mwa magawo 8 a ohm ya mahedifoni anu: a 32 ohm amafuna 4 kapena kutsika, a 16 ohm amafuna 2. Ikakwera kuposa apo, besi imayamba kulephera kuima, imangodundumira, ndipo pa mahedifoni ena kamvekedwe konse kamasintha.

Kachunidwe ka voliyumu ndiko kamasokoneza ambiri. Munthu amasiya foni pa voliyumu yotsika, n'kupotokola ampulifaya mpaka kumapeto, kenako n'kumadandaula kuti ikulira shiii. Ikukweza phokoso la foniyo pamodzi ndi nyimbo. Chitani mosemphanitsa. Tsitsiratu ampulifaya, iyatseni mahedifoni asanalowe m'makutu, kwezani foni mpaka patsale sitepe imodzi kapena ziwiri kuti ifike pamapeto, ndiyeno muzikweza ndi ampulifaya. Kapuleya kanu kakakhala ndi kabowo kolembedwa line out, lumikizani pamenepo, chifukwa mawu amatuluka osadutsa mu ampulifaya ya mkati. Kabatani ka gain, kosankhira mphamvu imene ampulifaya imakwezera mawu, kakhale pa low, pokhapokha ngati mawu akukanika kukwera. Mukaona kuti pa voliyumu yotsikitsitsa khutu limodzi likumveka kuposa linzake, mahedifoni alibe mlandu. Ndi mmene kopotokola voliyumu ka ampulifaya kamachitira kakakhala poyambira penipeni. Tsitsani foni pang'ono kuti kopotokolako kakwere.

Pa equalizer, pochunira besi, mawu a pakati ndi a pamwamba paokhapaokha, zimitsani bass boost ndi zina zonse zokometsera, mumve kaye nyimbo ili yokha. Mukafuna besi yambiri, tsitsani mizere ya pakati ndi ya pamwamba ndi 2 kapena 3 dB (muyezo wa kukwera kwa mawu), kenako mukweze voliyumu. Kukankhira mizere ya besi pamwamba kumapangitsa mawu kusweka ng'oma ikagunda.

Kung'ung'udza kosalekeza nthawi zambiri kumabwera ndi chaja. Izuleni: phokoso likatha, mwapeza wolakwa. Machaja otchipa ndi mainveta ang'onoang'ono a sola amalowetsa phokoso mu waya wa mawu, choncho tchajani kaye, mumvere pa batire. Pali kulira kwina koti di-di-di, kobwera foni ikamafunafuna netiweki ya 2G, makamaka m'midzi ya kuseri kwa mapiri kumene foni imatumiza ndi mphamvu zambiri. Mukamanga foni ndi ampulifaya pamodzi ndi mphira, kumakula. Nyimbo zikakhala pa memole khadi, ikani foni pa airplane mode. Batire ya ampulifaya ikatsala pang'ono kutha, mawu amayamba kusweka pa besi, ndipo kuzizira kwa m'mawa kumaifooketsa msanga, ndiye muziisunga m'thumba la mkati mwa jekete.

Samalani makutu, chonde. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapyole maola 40 pa sabata pa mulingo wa 80 dB, ndipo mukawonjezera 3 dB yokha, nthawiyo imadulidwa pakati. Mu minibasi ya ku Lilongwe injini imakukakamizani kukweza osazindikira. Chunani voliyumu muli m'nyumba mwakachetechete, ndipo pa M1 musaikhudzenso.