Milongoti ya Wayilesi Kumadzulo kwa Lusaka

Munthu akatuluka mu Lusaka kudzera mu msewu wa Kafue n'kukhotera ku Makeni, nyumba zimayamba kutalikirana, minda ndi makola a nkhuku n'kumachuluka, kenako patali pamaonekera milongoti yachitsulo. Ndinapita kumeneko ndi bambo wina wachikulire amene anagwira ntchito yokonza makina a wayilesi asanapume, ndipo tinaima kunja kwa mpanda iwo n'kumandilozera zinthu ndi ndodo yawo.

Malowa anamangidwa ndi wayilesi yachikhristu ya Christian Voice, imene inayamba kuulutsa mawu mu 1994, ndipo pambuyo pake anapita m'manja mwa wayilesi inanso yachikhristu ya Voice of Hope. Makina ake ndi a shortwave, mafunde a wayilesi ofika kutali kwambiri, ndipo ndi amphamvu ya makilowati 100. Ine maso anga anali pa milongoti, koma bambowo anati, "Mwanawe, chitsulocho chimangonyamula katundu, yang'ana mawaya omangidwa pakatipo." Mawayawo ndi amene amaponya mafunde kumwamba, kumene mpweya wina wa m'mlengalenga umawabweza pansi, n'kukagwera m'mayiko akutali. Mpweyawo umasintha dzuwa likalowa, n'chifukwa chake usiku amaulutsira pa manambala otsika otchererapo wayilesi monga 4965 kHz, masana n'kukwera. Pa manambala okwerawo zimatheka kuti wa ku West Africa azimva bwino pamene wa ku Kabwe akungomva phokoso.

M'nyumba ya makina, iwo anati, mdani wamkulu ndi kutentha. Mavavu akuluakulu amene amakuza mawu amatentha kwambiri moti amawaziziritsa ndi madzi oyeretsedwa opanda mchere, chifukwa madzi a pachitsime amadutsitsa magetsi ndiponso amasiya zoyangayanga m'mapaipi monga zimachitira m'ketulo. Pampu ikaima, makina amazima okha nthawi yomweyo vavu isanapse.

Tikubwerera, nkhani inatembenukira ku mbiri, imene kwa ine ndi yaikulu kuposa makinawo. Wayilesi ya Lusaka inayamba mu 1941, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, ndi kamakina ka mawati 300 okha. Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani m'boma la atsamunda, anaona kuti kuulutsa n'kopanda phindu ngati anthu akumudzi alibe pomvera, choncho anakakambirana ndi kampani ya Ever Ready, ndipo mu 1949 kunabwera kawayilesi ka batire kooneka ngati poto, kotchedwa Saucepan Special, kamene kankagulitsidwa mapaundi 5. Kudzera m'kawayilesi kameneka anthu a ku Chipata ndi a ku Nyasaland ankamva Chinyanja ndi nyimbo za Alick Nkhata kuchokera ku wayilesi ya Lusaka ija, imene inkatchedwa Central African Broadcasting Station.

Malo ena otumizira mawu, a wayilesi ya boma, ali ku Shorthorn, kumadzulo komweko kwa mzindawu. M'zaka za m'ma 1970 dziko la China linathandiza Zambia ndi makina amphamvu a shortwave, ndipo boma la Kenneth Kaunda linapatsa mpata magulu omenyera ufulu a ANC ya ku South Africa, SWAPO ya ku Namibia ndi ZAPU ya ku Zimbabwe kuti azilankhula ndi anthu akwawo. Radio Freedom ya ANC inkamveka ku Soweto kuchokera kuno, ndipo kumeneko munthu akapezeka akuimvera ankatha kumangidwa, moti ambiri ankatsitsa mawu n'kugunditsa khutu pa sipika.