Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Tsiku limene ndinadzithetha ndekha

Sabata yatha ndinalekezera poti ndalembedwa ntchito yauphunzitsi. Munali mu 1994, boma la a Bakili Muluzi litangolengeza kuti pulayimale ndi yaulere. Ana anatuluka ngati ngumbi, kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Aphunzitsi atachepa, anatola ife a JC ndi MSCE, kutisula masabata ochepa, basi choko m'manja. Ine anandipatsa Sitandade 4, pansi pa mtengo wa mango, bolodi yotsamira pathunthu.

Tsiku lina pa masamu ndinalemba kuti 7 x 8 = 54. Kamtsikana kena kokhala kumbuyo kanakweza dzanja.

"Aphunzitsi, si 56?"

Anzake anaseka. Ine manyazi atandigwira, ndinakakwapula kawiri m'manja ati chifukwa cha mwano. Inde, owerenga anga, ndinachitadi zimenezo.

Usiku ndikuchonga makope pa koloboyi, onse anali atalemba 54 monga ndinawauzira. Kope limodzi lokha linakakamira 56. Ndinatsala pang'ono kulithetha, koma dzanja linalemera. Ndinatapa chimanga m'lichero, n'kuunjika milu 7 ya njere 8. Ndinawerenga katatu. Chimanga sichinandikondere.

Paja ife aphunzitsi tsiku lililonse timauza ana kuti akonze zimene alakwa, koma cholembera chofiira chimakhala m'manja mwathu. Nanga wogwira cholemberayo akaphonya, amuthethe ndani? Ahedi sanaone, makolo sanamve. Mnzanga wina amene ndinamuuza m'mawa anati, "Ingofufutani mwakachetechete, ana saona zimenezo. Mukavomera adzakuderani." Ndinayesa kumumvera, koma mtima unkangobwerera ku timanja tija. Nambala ndikanaifufuta ndi dasitala, nanga chikwapu?

Nditalowa, ndinalembanso 54 pabolodi, n'kuithetha ndekha ndi mtanda waukulu, 56 pambali pake. Ndinati, "Dzulo ndinakusocheretsani. Mnzanuyu ndiye analondola, ndipo ndinamukwapula osalakwa. Pepa, mwana wanga."

Kunangoti zii. Mawu akuti pepa ochokera kwa mphunzitsi anali achilendo kuposa galimoto m'mudzimo. Mtsikanayo anangoyang'ana pansi, akukumba dothi ndi chala cha kuphazi. Kenaka kamnyamata kena kanafunsa ngati nawonso akonze m'makope mwawo, poti ndinali nditawachonga kale ndi chofiira. Ntchito yochonganso makope onsewo inanditengera mausiku awiri ndi parafini wa sabata yathunthu.

Patatha masiku atatu, bambo a mtsikanayo anatulukira kunyumba kwanga atanyamula nkhuku kukhwapa, nkhope ili gwa. Zimene anabwerera ndidzakuuzani Loweruka likubwerali.