Mtsutso wa za khungu m'kalasi ya kalembedwe

Semesita ino m'kalasi yathu ya kalembedwe kuno ku America tapatsidwa nkhani yotentha: mwayi umene azungu amakhala nawo chifukwa cha khungu lawo. Aphunzitsi sakufunsa ngati tikugwirizana nazo. Chomwe akufuna n'choti tipeze zimene wolemba akunena kwenikweni, umboni umene waimapo, komanso anthu amene akuyesa kuwakopa.

Tinayamba ndi nkhani ya mu 1989 ya Peggy McIntosh wa ku Wellesley College. Mayiyu anandandalika zinthu za tsiku ndi tsiku zimene iye monga mzungu sazidera nkhawa: kulowa m'sitolo popanda womulondalonda, kupeza nyumba m'dera limene akufuna, ngakhale kugula pulasitala wa pabala wofananako ndi khungu lake. Za m'sitolozo ndinazimvetsa msanga, pakuti kwathu ku Malawi khungu langa silinali nkhani, koma kuno ndinayamba kuona maso akunditsatira pakati pa mashelefu. Komabe kumva kuti chinthu n'choona si umboni. Mndandanda wotere umakhutiritsa munthu amene zinamuchitikirapo kale. Wokayika amangoti izi ndi za moyo wa mphunzitsi mmodzi wa ku Wellesley College.

Wokayikayo analipo. Mnzathu wina wa ku West Virginia, komwe migodi yambiri ya malasha inatsekedwa, anafunsa kuti mwayiwo uli kuti pamene kwawo azungu akusowa ntchito ndi ndalama ya chipatala. Ena anafuna kumutseka pakamwa, zomwe ine sindinakondwere nazo. Funso lake likuyankha mfundo imene palibe anainena, yoti mzungu aliyense ndi wolemera. Koma likuvumbulanso penapake pofooka: zina mwa zimene timati ndi mwayi wa khungu zimasakanikirana ndi mwayi wa ndalama ndi sukulu. Wolemba wabwino ayenera kuzilekanitsa ziwirizi.

Apa m'pamene kafukufuku wa Marianne Bertrand ndi Sendhil Mullainathan wa mu 2004 anandigwira mtima. Iwo anatumiza makalata ofunsira ntchito pafupifupi 5,000 kwa olemba ntchito a ku Boston ndi Chicago. Pamakalata ofanana ankangosintha dzina: ena Emily kapena Greg, ena Lakisha kapena Jamal. Mayina omveka achizungu anaitanidwa mochuluka ndi pafupifupi 50 peresenti. Sukulu yofanana, luso lofanana, chosiyana n'chimodzi basi. Umboni wotere ngakhale mnzathu uja angathe kuuyesa yekha popanda kukhulupirira nkhani ya munthu.

Mbiri nayo imathandiza. M'zaka za m'ma 1930 boma la America linajambula mapu a mizinda n'kulemba mofiira madera ambiri a anthu akuda kuti ndi oopsa kubwereketsako ndalama za nyumba. Tsankho pa nkhani ya nyumba linaletsedwa ndi lamulo mu 1968, pamene mabanja ena anali atasiyirana kale nyumba ndi chuma.

Pepala langa ndalichepetsera pa mfundo imodzi: anthu awiri akafanana pa zina zonse, khungu limasinthabe mwayi wawo pa ntchito. Aphunzitsi alemba kale m'mbali mwa pepala kuti dzina lingathenso kusonyeza chuma cha banja, osati mtundu wokha, ndipo kafukufukuyo anali wa mizinda iwiri yokha. Ndime yachinayi ya pepalalo ndikuilembanso kuti iyankhe zimenezo.