Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Lachinayi ndi Azakhali a ku Domwe

M'gawo lapita lija ndinalekezera pamene ndinasiya choko n'kuyamba kudalira cholembera. Angapo mwa inu mwandifunsa kuti, "Nanga mayi, nthawi yolemba zonsezi mumaipeza kuti?" Lero ndiyankhe funso limenelo, ngakhale litidumphitse zaka zingapo mpaka pa moyo wanga wa masiku ano kuno ku Ulongwe, m'boma la Angónia ku Mozambique.

Zimene mumawerengazi sizindidyetsa ayi. Nsima ya ana anga imachokera ku ntchito yomasulira mauthenga a Chipwitikizi kuti amveke m'Chichewa: malangizo a ulimi, za katemera wa ana, za kolera mvula ikayandikira. Amene amanditumizira ntchitoyi ali mumzinda wa Tete, makilomita oposa 200 kuchokera kuno, ndipo amafuna zonse zifike Lachinayi dzuwa lisanapendeke, kuti owerenga pa wailesi azipeze Lachisanu m'mawa. Iwo amakhala m'ng'anjo ya m'mbali mwa Zambezi, komwe mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40. Ine kuno ku Angónia, Juni akafika, ndimalemba nditafunda zitenje ziwiri, zala zitauma gwa.

Ntchitoyi ndimaiopa ndipo ndimailemekeza. Mlimi wa mbatatesi ku Tsangano akamva molakwika muyeso wa mankhwala opopera, chiwawu chimupsereza munda wonse, ngongole ya feteleza ili pakhosi. Choncho chiganizo chimodzi chimatha kundinyamula pampando n'kundipititsa kwa alangizi a zaulimi, kapena kumsika kwa amayi ogulitsa nyemba, kukawawerengera kuti ndione ngati amva kamodzi n'kamodzi. Akachita tsinya, ndimabwerera kukalembanso.

Zanga zenizeni ndimalemba tambala woyamba akalira. Ndimayamba ndasuzumira pa mita ya Credelec, ya magetsi olipiriratu, kuti ndione ngati magetsi andifikitse kum'mawa, kenako ndimayatsa kompyuta. Foni imagona m'kabati ya mbale mpaka ana atapita kusukulu. Nthawi imeneyo ndi ya azakhali anga, alongo awo a malemu bambo, amene amakhala ku Domwe.

Amene munawerenga magawo oyambirira mukuwakumbukira. Ndi iwo anatiwolotsa malire usiku mu 1986 kupita mbali ya ku Dedza, ine ndili kumsana kwawo. Pa zaka za nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique zimenezo, Malawi inasunga anthu a kwathu kuno pafupifupi miliyoni imodzi. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ife tinabwerera mu 1994. Zaka za pakatizo ndi zimene zinandiphunzitsa kuwerenga Chichewa, pansi pa mtengo, ndisanakumane ndi Chipwitikizi m'kalasi. Koma za mmene tinathawira ine sindinazione ndi maso ozindikira. Zili m'mutu mwa azakhali, ndipo azakhaliwo tsopano amayenda ndi ndodo.

Ndikapita kukawaona sindinyamula pepala, chifukwa akaona cholembera amangoti duu. Ndimaika foni pa lichero, ife n'kumatong'ola chimanga. Mukamvetsera zojambulazo mumva maso a chimanga akugwera m'dengu, nkhuku zikulimbirana, kenako mawu awo: "Mwanawe, kachitsulo kakoka kakumva?" Ndikati, "Kakumva, azakhali," amapukuta manja pa chitenje n'kuyamba. Amatchula mitsinje imene tinawoloka, mudzi umene anatipatsa madeya, mayi wina amene anawabwereka mphika osafunsa dzina. Ola limodzi la mawu awo limanditengera mbandakucha wa mlungu wathunthu kuti ndililembe, chifukwa sindifuna kuwongola kalankhulidwe kawo kuti kafanane ndi ka m'buku.

Tsono Facebook ndi WhatsApp. Bambo a kunyumba kuno, akandiona mpeni uli kudzanja lino foni kudzanja linalo, amati, "Amake mwana, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada." Sanama. Mamega amadya ndalama ya ndiwo, ndipo ukati ungoyankha munthu mmodzi umapeza dzuwa lafika pamutu. Mikangano ya ndale ndinaikana, ndipo sindiika chithunzi tsiku ndi tsiku pofuna kuti anthu asandiiwale. Kwaya ya Loweruka yokha ndiyo sindinaisiye; munthu amene wakhala chete ndi mawu mlungu wonse amafunika kukawatulutsa pakamwa.

Komabe amene amati masamba amenewa ndi otayitsa nthawi basi sindigwirizana nawo, ndipo chifukwa chake nachi. Anzanga ambiri a msinkhu wanga amene anaphunzira mbali ino ya malire analowa sukulu ya Chipwitikizi chokhachokha, pakuti kuphunzitsa ana m'zilankhulo zathu kunayamba kufalikira m'zaka za m'ma 2000, ndipo mpaka lero si sukulu zonse. Chichewa amachilankhula bwino kuposa ine, koma kuchiwerenga chimawalemera. Nditayamba kuika nkhanizi, uthenga umene unkabwera kawirikawiri unali wakuti, "Achemwali, tumizani odiyo." Ndiye Lamulungu lililonse madzulo ndimadzitsekera kuchipinda, kuwerenga gawo lonse mokweza, n'kulitumiza pa gulu. Amamvera ali m'basi yopita ku migodi ya malasha ku Moatize, ali kukhitchini kwa abwana ku Johannesburg, ali pa chigafa cha fodya ku Furancungo.

Ndipo amayankha. Mkulu wina wa ku Macanga, mdzukulu wake atamumvetsetsa gawo lachitatu, anatumiza mawu aatali osapumira, kufotokoza njira imene a m'mudzi mwawo anadzera. Mayi wina anangolira, n'kutchula dzina la mwana wake amene anamuika m'manda a chilendo. Zoterezi sungaziyankhe ndi kachala kokweza m'mwamba. Zimafuna ukhale pansi, umvetsere mpaka kumapeto, uimbe foni. Nthawi yake imadulidwa pa tulo.

Mwezi wathawu zonsezi zinakumana pa khomo limodzi. Linali Lachitatu madzulo, ndili pakati pa masamba a malangizo a kasungidwe ka chimanga, msuweni wanga anatumiza uthenga: azakhali chifuwa chawagwira, ndipo akuti ndibwere ndi kachitsulo kaja, akufuna anene za achimwene. Achimwene amenewa ndi mwana wawo woyamba, amene anatengedwa ndi anthu a mfuti ali kubusa. Chiyambire, ndikangoyandikira nkhani imeneyo, ankadzuka n'kukasonkhezera moto.

Sindinagone. Ndinamaliza za anankafumbwe ndi matumba osalowa mpweya usiku womwewo, magetsi atazima ndinapitiriza pa foni, kutacha ndinakwera chapa, minibasi ya kwathu kuno, yoyamba. Ntchito ya eni ake ndinaitumiza ndili chiimire pa chulu kuseri kwa khola, pamene netiweki imagwira bwino, ndipo inafika nthawi isanakwane. Kenako ndinazimitsa mamega n'kulowa m'nyumba.

Ndinawapeza atakhala pamphasa, atatsamira khoma, mpango uli kumutu ngati akuyembekeza alendo. Anatulutsa ana onse panja. "Khala apa, mwanawe. Lero usandidule mawu." Analankhula mpaka mthunzi wa nkhokwe unafika pakhonde, ndipo sanakhosomole kufikira atamaliza.

Pano akupezako bwino, adya ndi phala lomwe. Ndinawafunsa ngati ndingakuuzeni zimene ananena. Anati ndilembe zonse, koma dzina la achimwene ndilisunge, ndipo ndikawawerengere iwo poyamba musanamve inu. Ndipita Loweruka likubwerali ikatha kwaya. Akavomera, gawo 10 mulilandira Lamulungu, lolemba ndi la odiyo lomwe.