Linthumbu m'kati, mvuu kunja

Anandinyenga ndi alamu anga. Ankati munthu wa ku Area 25, wodzutsidwa ndi mahutala a minibasi chaka chonse, dziko sanalionebe. Tiyeni kupaki ya Kasungu mukamve kukoma kodzutsidwa ndi mbalame. Ine n'kuvomera. Tinanyamuka Loweruka lina mu Disembala, mvula itagwa kale, fodya ali biriwiri m'mbali mwa M1, ndipo dzuwa likupendeka tinali titakhoma matenti athu pafupi ndi damu la Lifupa.

Bambo wa gemu amene anatilandira anatiuza ziwiri zokha: chakudya chonse chigone m'galimoto, ndipo tikaona mvuu tisayerekeze kuima pakati pa iyo ndi madzi. Ine mtima unali pa njovu, zija 263 anazisamutsa ku Liwonde mu 2022. Mvuu ndinkangoziyesa nkhumba zokhuta madeya. Tsono kanyenya wambuzi amene ndinagula paboma ndinamukulunga m'nyuzipepala n'kumubisa kumutu kwa mphasa. Musandiweruze. Alamu anga ndi munthu wabwino, koma pa nyama sadziwa chibale.

Mbalame zinachedwa. Cha m'ma 4 koloko m'bandakucha ndinamva kuti tswii pakhosi. Kenako m'khwapa. Kenako malo ena oti sindingatchule, poti nkhaniyi mwina aiwerenganso apongozi. Kuyatsa tochi yapafoni, ndinaona mzere wakuda bii, kuchokera pakona pomwe zipi sinatsekeke bwino, kudutsa pamimba panga, mpaka panyuzipepala ponona paja. Linthumbu! Amene linawakwerapo akudziwa kuti silifulumira. Limayamba layendera thupi lonse mwaulemu ngati alendo, kenako ngati lachita kupangana, lonse n'kuluma kamodzi. Zamitu ikuluikulu zija ukazikoka zimaduka, mutu n'kutsala uli kakaka pakhungu.

Ndinavula zonse, kutsala mmene anandibalira mayi, n'kutsegula zipi kuti ndiliyatse liwiro. Mutu utangotuluka ndinamva kuti fuu! Patsogolo panga panali chulu chimene dzulo panalibe, ndipo chulucho chinkamweta udzu. Damu linali kumbuyo kwanga. Mawu a bambo wa gemu aja anabwera onse, ndi kamvekedwe kake komwe.

Ndinabweza mutu mwakachetechete. Linthumbu linandilandira ndi manja awiri.

"Alamu!" ndinanong'ona. "Alamu inu!"

Anandiyankha ndi mkonono.

Mganda umene ndinavina mmenemo, chogwada, wopanda ng'oma, nditaluma pilo kuti ndisakuwe, ukanaonekera pabwalo bwenzi amfumu atandifupa mbuzi. Mvuu sinali pachangu. Inadya, inapumira, inadyanso. Podutsa inaima pambali penipeni pa tenti, n'kuyamba kupukusa kamchira kake kaja kwinaku ikudzithandiza. Ndowe zinawaza patenti ngati matalala padenga la malata. Patapita nthawi yomwe kwa ine inali ngati mwezi wathunthu, ndinamva kuti thibu m'madzi.

Ndinatuluka ngati mbewa yofukizidwa utsi, ndikudziomba mbama thupi lonse, kutsogolo nditaphimba ndi chipewa. Ndinangoti gululu ndi bambo wa gemu uja, ali ndi mfuti paphewa. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka pachipewa, osaseka ngakhale pang'ono.

"Mwadzuka bwanji, bwana? Chakudya chija chinagona m'galimoto?"

Sanadikire yankho. Anapita pomwe tinasonkha moto usiku, n'kubwera ndi phulusa kudzawaza mozungulira tenti.

Apo m'pamene nkhwazi inalira pamtengo wouma kutsidya, kum'mawa kutafiira, nkhungu ikukwera pamwamba pa damu. Alamu anatuluka akudziwongola.

"Mwaimvatu, alamu? Ku Area 25 ziliko zimenezi?"

Kenako maso awo anagwera panyuzipepala ija, imene wa gemu anali ataikokera panja ndi kamtengo. Zotupa zanga sanazione, umaliseche wanga sanauone.

"Alamu," anatero, mawu akunjenjemera, "kani munali ndi nyama?"