Nyumba ilibe tenanti koma city rates ikuwerengabe

Tenanti wanga wa ku Area 49 atasamutsidwira ku Mzuzu, nyumba inakhala yokhoma kwa miyezi ingapo. Mayunitsi a ESCOM ndinasiya kugula, ndipo poti lendi sinkalowa, panalibenso chowerengera msonkho wa lendi ku MRA. Koma city rates, msonkho umene khonsolo ya mzinda imatolera pa malo ndi nyumba, njosiyana. Imatsata puloti ndi nyumba imene ili pamenepo, ndipo wolipira ndi mwini wake, kaya mukugona banja kaya abuluzi okhaokha.

Ndinapita ku Civic Offices ku City Centre, komwe kuli khonsolo ya mzinda wa Lilongwe. Chimene amafuna poyamba ndi nambala ya puloti. Ine ndinanyamula bilu yakale, yothimbirira m'mopinda, imene ndinaipeza mu fayilo ya mapepala a nyumba, komanso chiphaso cha unzika. Bambo wa pa desiki ya rates atalowetsa nambalayo mu kompyuta anandisindikizira sitetimenti yosonyeza zimene ndinalipirapo ndi zotsala.

Ndinawafunsa ngati pali kuchotserako poti m'nyumbamo mulibe munthu. Anandifotokozera mwaulemu kuti iwo amawerengera pa mtengo wa malo ndi wa nyumba, monga walembedwera m'buku la valuation roll. Zimenezi zimachokera m'lamulo la maboma ang'ono la 1998, ndipo bukulo limayenera kukonzedwanso zaka zisanu zilizonse. Apa mpofunika kudekha. Onani ngati dzina la pa sitetimenti ndi lanu, chifukwa ambiri amene anagula nyumba kwa munthu amapeza bilu ikubwerabe m'dzina la mwini wakale. Onaninso mzere wa chiwongoladzanja. Ndalama yochedwa kulipira imaswana mwezi ndi mwezi, ndipo ngongole ikakhalitsa khonsolo ili ndi mphamvu yofika pogulitsa nyumbayo. Ena amati amangoopseza, koma ine za kuyesa nazo ayi.

Ndalama yonse ndinalibe, ndiye ndinalipira imene ndinali nayo, tinagwirizana za yotsalayo, n'kulandira lisiti. Lisitilo ndinalijambula pa foni nthawi yomweyo, poti inki ya malisiti ena sichedwa kufufutika.

Musasokoneze city rates ndi ground rent, lendi ya malo. Imeneyo ndi ya mwini malo amene anakupatsani lease, kaya unduna wa za malo kaya Malawi Housing Corporation, ndipo nayonso siyiima nyumba ikakhala yopanda munthu. Popanga mtengo wa lendi ya tenanti watsopano, ziwirizi ndaziwerengeramo kale, kuphatikizapo za miyezi imene nyumba ingadzakhalenso yokhoma.