Kabuku ka m'manja: sabata imodzi ndi odwala khansa ku Gedaref

Kuno ku Sudan ntchito imayamba Lamulungu. Lamulungu la sabata imene ndikunenayi, mu Julayi 2024, ndinapeza khonde la chipatala litadzaza kale dzuwa lisanakwere. Asilikali a RSF, gulu lomenyana ndi asilikali a boma, anali atangolanda kumene tauni ya Sinja, ndiye anthu ankakhamukira ku Gedaref pa malole, pa ngolo, ena wapansi, m'matope a mvula yoyamba. Ine ndine namwino wa odwala khansa. Bungwe limene linanditumiza kuno linandipatsa ntchito imodzi: kudziwa pamene wodwala aliyense wafika pa chithandizo chake, ndi kuonetsetsa kuti tsiku lake lotsatira lisamudutse.

Nkhondo isanabuke pa 15 Epulo 2023, odwala khansa ambiri ankathandizidwa ku Khartoum, pa chipatala chachikulu chimene anthu amachitchula kuti RICK. Chitatsekedwa, anathamangira ku Wad Medani, ku National Cancer Institute ya University of Gezira. Mu Disembala chaka chomwecho Wad Medani nayonso inalandidwa. Choncho ena mwa anthu amene anakhala pakhonde paja anali kuthawa kachitatu: kuchoka ku Khartoum, ku Wad Medani, kenako ku Sinja. Wothawa kachitatu amanyamula mwana, bulangete ndi chitupa. Fayilo yake inatsala m'kabati, m'tauni imene panthawiyo sakanatha kubwererako.

Tsiku limenelo linatha ndi kufunsa mafunso. Mayi wina wachikulire, bere lakumanzere lochotsedwa, sankadziwa dzina la mankhwala amene ankalandira. Namwino mnzanga wa konkuno, amene amandimasulira Chiarabu, anawafunsa modekha, powatchula Hajja, dzina laulemu la amayi achikulire: "Hajja, mankhwala a m'diripi aja anali a mtundu wanji?" Iwo anati, "Ofiira, mwanangu, ngati karkade. Mkodzo nawonso unkafiira." Karkade ndi chakumwa chofiira cha kuno. Tinayang'anizana. Ameneyo ndi doxorubicin. Koma kangati? Funso limeneli si lamasewera, chifukwa mankhwalawa akapyola muyeso wake pa moyo wa munthu amawononga mtima. Mayiwo anawerenga ndi zala: katatu, komaliza anthu akuyamba kukolola mapira. Kuchokera pamenepo miyezi isanu ndi iwiri yapita popanda kanthu. Kenako mwana wawo wamkazi anakumbukira kuti anajambulapo pepala la ku labu n'kulitumiza pa WhatsApp kwa amalume ake ku Saudi Arabia popempha ndalama. Chithunzicho chinalipo, chosaoneka bwino koma chowerengeka. Chinasonyeza kuti khansayo ndi ya mtundu umene umamvera tamoxifen, piritsi lakumwa kamodzi patsiku, losafuna furiji kapena diripi. Sabata yonseyi palibe chimene chinandisangalatsa ngati chithunzi chimenecho.

Lolemba ndinapita kumsika kukagula makope a ana a sukulu. Nzeruyi ndinabwera nayo kuchokera kwathu. Ku Malawi wodwala amayenda ndi kabuku kake ka kuchipatala, ndipo dokotala wa ku Nsanje amatha kuwerenga zimene analemba mnzake wa ku Mzuzu. Ndili kumudzi ndinkakaona ngati chinthu wamba. Kuno ndazindikira kuti chipatala chikhoza kugwa koma mbiri ya wodwala n'kupulumuka, bola ikhale m'manja mwake. Anzanga ena ankafuna kuti zonse zilowe mu kompyuta, ndipo sindikuwatsutsa, timalowetsanso. Koma mu Febuluwale 2024 netiweki inazima pafupifupi dziko lonse, ndipo palibe amene angalonjeze kuti sizichitikanso. M'kabuku timalemba matenda, dzina la mankhwala, muyeso, tsiku limene walandira ndi tsiku lobweranso, m'Chiarabu ndi m'Chingerezi. Tikatero timajambula tsamba lililonse mu foni ya wodwala ndi ya gadiyani wake.

Lachiwiri ndi tsiku lowerenga mankhwala. Nkhokwe zazikulu za National Medical Supplies Fund, bungwe la boma logawa mankhwala, zinali ku Khartoum, choncho zimene tinkapeza zinkabwera pamsewu kuchokera ku Port Sudan, ndipo sizinkabwera motsatira kalendala ya wodwala. Kemo yambiri, ndiye kuti mankhwala opha maselo a khansa, imaperekedwa pakatha masiku 21 alionse. Lole silidziwa zimenezo. Magetsi atazima masana, tinasamutsira vincristine ndi trastuzumab m'mabokosi a ayezi, chifukwa zimafunika kukhala pakati pa madigiri 2 ndi 8.

Madzulo tinakhala pansi ndi dokotala ndi wa ku famase, ndipo apa m'pamene ntchitoyi imapweteka. Lamulo limene tinagwirizana n'lakuti tisayambe chimene sitingathe kumaliza. Mankhwala akakwanira anthu ochepa, amapita kaye kwa amene ali kale pakati pa chithandizo ndi amene khansa yawo ingachiritsike. Pamene n'kotheka timasintha diripi ndi mapiritsi, monga capecitabine m'malo mwa fluorouracil, kuti munthu athe kupitiriza ngakhale atathawanso. Ine lamuloli ndimalikhulupirira. Kemo ya theka imathothola tsitsi, imafooketsa chitetezo cha m'thupi, imadya ndalama za banja, khansayo n'kutsala pomwepo. Koma kulikhulupirira sikuchepetsa kulemera kwa kuuza munthu amene wayenda masiku anayi kuti adikire.

Lachitatu ndinakhala nthawi yaitali ndi banja la mayi wachitsikana wa khansa ya khomo la chiberekero. Iye amafunika radiotherapy, chithandizo chowotcha khansa ndi makina, pamodzi ndi kemo ya cisplatin sabata iliyonse, ndipo zonse ziyenera kutha mkati mwa masabata asanu ndi atatu. Zikatalikira, mwayi wochira umatsika. Makina amene tinkadalira anali ku Merowe, kumpoto. Njira yachidule yodzera ku Wad Medani ndi Khartoum inali yotsekeka, ndiye munthu ankazungulira ku Kassala, Haya, Atbara, n'kudutsa chipululu. Mwamuna wake ankafuna anyamuke m'mawa mwake. Ndinamupempha kuti ayambe adikira tipeze tsiku lenileni kumeneko, apo ayi ndalama zimene abale anatumiza pa Bankak, njira yotumizira ndalama pa foni, zithera lendi ndi chakudya asanagone n'komwe pa makina. Anakwiya, ndipo ndinamumvetsa. Zaka zambiri kwathu tinalibe makina amenewa, ndipo ndinaonapo amayi akudikira dzina lawo pamndandanda wopita kunja, magazi akutayika. Tsikulo linapezeka madzulo, titaimba foni kambirimbiri. Mwamuna uja anabwera kudzandigwira chanza.

Lachinayi usiku mnyamata wa khansa ya m'magazi anatentha thupi, maselo oyera atatsikiratu. Mwana wotero amafunika antibiotic wa mu mtsempha ola lisanathe. Tinakwanitsa. Magazi anapereka ndi wachinyamata wina wothawa nkhondo amene amagona m'kalasi pa sukulu yoyandikana nafe. Morphine tinali naye wochepa, ndipo tinamugawa kwa agogo awiri amene chotsala kwa iwo n'kugona popanda ululu.

Lachisanu anthu sagwira ntchito, koma ndinapita kukaona mnyamata uja. Kutentha kunali kutatsika. Pachipata ndinakumana ndi mwana wa Hajja uja. Anati m'misasa mukumveka mphekesera zoti nkhondo ikuyandikira, ndiye banja lawo laganiza zopita ku Kassala. Sindinamuletse. Tinatsegulitsa famase, tinawerenga tamoxifen wa miyezi itatu, ndinalemba m'kabuku tsiku limene mapiritsiwo adzathere ndi zimene dokotala wa kumeneko ayenera kuyeza poyamba. Mtsikanayo anakulunga kabukuko m'pepala la pulasitiki la shuga, nakabisa mkati mwa chovala chake, n'kuthamangira kokwerera basi mvula isanayambe.